Mawu a Cassandra ndi anzake: mmene oimba amakono akufotokozeranso nthano za Agiriki

M'chaka cha 458 Khristu asanabadwe, anthu a mumzinda wa Athens anasonkhana pabwalo la zisudzo la mulungu wawo Dionysus kudzaonera sewero la Aeschylus lotchedwa Agamemnon. Chapakati pa seweroli, mfumu Agamemnon imafika kwawo pagaleta kuchokera kunkhondo ya ku Troy, ndipo imabwera ndi Cassandra, mwana wamkazi wa mfumu yogonjetsedwa, amene watengedwa ukapolo. Mtsikanayu amangokhala duu, osatulutsa liwu ngakhale limodzi, kwa mizere pafupifupi 300. Mfumukazi Clytemnestra, mkazi wa Agamemnon, imamulamula kuti atsike alowe m'nyumba, iye osayankha, mpaka mfumukaziyo imafika ponena kuti mwina mlendoyu ali ndi chinenero chosamveka chonga kulira kwa namzeze, ndipo ngati zili choncho angoyankha ndi manja. Clytemnestra atangochoka, Cassandra amatsegula pakamwa, koma choyamba kutuluka ndi mfuu yopanda tanthauzo la m'chinenero chilichonse: otototoi popoi da. Akatero amayamba kuimba za magazi amene anakhetsedwa kale m'nyumbamo ndi amene ali pafupi kukhetsedwa, kuphatikizapo ake omwe, uku akuluakulu a mzindawo akumumvera chisoni koma osagwira mfundo ya zimene akunena.

Pali zinthu ziwiri zokhudza tsiku limenelo zimene zimathandiza kumvetsa ntchito ya oimba ndi ochita zisudzo amakono. Choyamba n'chakuti amene anafuula mfuuyo anali mwamuna wovala chigoba cha nkhope ya mkazi, pakuti m'masewero a ku Athens mbali zonse, ngakhale za amayi ndi atsikana, ankasewera ndi amuna, ndipo akatswiri a mbiri mpaka lero amatsutsana ngati akazi ankaloledwa n'komwe kukhala pakati pa oonerera. Chachiwiri n'chakuti maimbidwe ake anatayika. Masewerowa anali odzaza ndi nyimbo ndi magule, motsogozedwa ndi chitoliro cha mapaipi awiri chotchedwa aulos, koma chimene chinatsala ndi mawu olembedwa okha, kupatula tizidutswa tochepa monga kagumbwa kosungidwa ku Vienna kamene kali ndi zizindikiro za maimbidwe a mizere ingapo ya sewero la Euripides lotchedwa Orestes. Choncho aliyense amene akufuna kuti Cassandra amvekenso ayenera kusankha yekha mmene mawu akewo amvekere, ndipo kusankha kumeneku ndiko kuli pakati penipeni pa nkhani yonse.

Munthu akaika nthanozi pamodzi amaona kuti zambiri zimazungulira pa kukamwa kwa mkazi. Cassandra anapatsidwa mphatso ya ulosi ndi mulungu Apollo, koma atakana kugona naye anatembereredwa kuti azinena zoona popanda womukhulupirira. Iphigenia, pamene bambo ake Agamemnon ankamupereka nsembe kuti zombo zipeze mphepo, anamangidwa pakamwa kuopa kuti angatemberere banja. Echo analangidwa kuti azingobwereza mawu omaliza a ena. Philomela anagwiriridwa ndi mlamu wake Tereus, amene kenaka anamudula lilime kuti asaulule. Penelope, mkazi wa Odysseus amene anadikira mwamuna wake kuti abwere kuchokera kunkhondo ya ku Troy, atangodandaula za nyimbo imene mlakatuli ankaimba m'nyumba yake yomwe, anauzidwa ndi mwana wake Telemachus kuti abwerere kuchipinda akaluke nsalu, chifukwa kulankhula ndi ntchito ya amuna. Ndipo kumene mkazi ali ndi mawu amphamvu, monga ma Siren amene ankaimbira amalinyero, mawuwo amafotokozedwa ngati msampha wa imfa.

Zimenezi sizinali za m'nthano mokha. Mlembi wakale wa Chigiriki Plutarch analemba kuti Solon, wokonza malamulo a Athens wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 500 BC, analetsa akazi kudzikanda mpaka kutuluka magazi pamaliro, kuimba nyimbo za maliro zopekeratu, ndiponso kulira munthu wina pamaliro a wina. Ife amene tinazolowera kuona amayi akubuma m'nyumba ya siwa, abambo ali panja pamoto, tikudziwa kuti m'kulira muja mumatuluka mayina, madandaulo ndi milandu imene sinenedwa pabwalo. Akatswiri ambiri amaona kuti olamulira a Athens ankaopa zomwezo, kuti kulira kwa amayi kunkakoleza mtima wobwezera pakati pa mabanja. Ku dera la Mani, kum'mwera kwa Greece, nyimbo za maliro zoitanitsa kubwezera zinapitirira mpaka zaka zaposachedwa, ndipo woimba wa ku America Diamanda Galás, amene makolo a mayi ake anachokera kumeneko, anatengako zambiri pa maimbidwe ake okuwa ndi obuula. Chodabwitsa n'chakuti mzinda womwewo umene unachepetsa kulira kwa akazi m'misewu unakusamutsira pabwalo la zisudzo, kumene amuna ankakuchita m'malo mwawo.

Opera, sewero lochitidwa moimba, itayamba ku Italy inalandira nthanozi ndi manja awiri, koma sinasinthe kwambiri za mwini mawu. Mu L'Orfeo ya Claudio Monteverdi, imene inaonetsedwa ku Mantua m'chaka cha 1607, Eurydice, amene imfa yake ndiyo gwero la nkhani yonse, amaimba mizere yochepa chabe, pamene mwamuna wake Orfeo amaimba kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Pambuyo pake akazi anapatsidwa nyimbo zazitali ndithu, koma kawirikawiri zinali nyimbo zokometsera kuzunzika kwawo, kuti omvera atuluke atasangalala ndi kukoma kwa imfa ya mkaziyo. Oimba oyesa njira zatsopano, makamaka kuyambira nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, anakana kukometsera kotereku. Iwo anayamba kutenga mawu a munthu ngati chinthu choti n'kugawa, kujambula patepi, kuchedwetsa, kubwereza, kapena kuchotseratu, ndipo analola kupuma, kunong'ona, kutsamwa ndi kukuwa kuti zikhale mbali ya nyimbo.

Chitsanzo choyenera kuchiyang'ana mwachifatse ndi Philomel, nyimbo ya mphindi pafupifupi 20 imene Milton Babbitt anapeka m'chaka cha 1964 pa mawu a mlakatuli John Hollander, polembera woimba Bethany Beardslee. Pabwalo pamaima mkazi mmodzi yekha, wopanda gulu la zida kumbuyo kwake. Chimene chimamuzungulira ndi masipika, ndipo m'masipikamo mumatuluka zinthu ziwiri: mawu a Beardslee mwini amene anajambulidwa kale n'kusinthidwa, ndi maphokoso opangidwa ndi makina otchedwa RCA Mark II a ku Columbia-Princeton Electronic Music Center ku New York, makina odzaza chipinda amene ankalamulidwa ndi pepala lobooledwa timabowo. Nkhani imayambira pamene Philomela akuthawa m'nkhalango, milungu ili mkati momusandutsa mbalame. Liwu loyamba limachokera patepi, ndipo ndi kaphokoso kotalika ka "iii", kamene munthu angatulutse ngakhale lilime lake litavulala. Kenaka woimba wamoyo uja amayamba kuphatikiza maphatikizo mmodzimmodzi, akuwatola m'dzina lake ndi m'dzina la amene anamugwirira, ngati munthu amene akuphunziranso kulankhula. M'gawo lachiwiri amafunsa mbalame za m'nkhalango, kuphatikizapo kadzidzi ndi khwangwala, ndipo tepi imamuyankha pobwereza mapeto a mawu ake. M'gawo lachitatu ndi mmene amaimba nyimbo yolongosoka ya ndime zotsatizana.

Mphamvu ya ntchitoyi yagona poti womvera sangadziwe nthawi zonse kuti mawu amene akumva akuchokera m'kamwa mwa mkazi amene akumuonayo kapena m'makina. Munthu amene wachitiridwa nkhanza yotere nthawi zambiri amamva ngati wagawika, ngati zimene zinachitikazo zinachitikira wina, ndipo tepi imaonetsa kugawikako popanda kukufotokoza. Pali kanthu kena kofunika kukatchula: m'mafotokozedwe akale a Agiriki, Philomela anasanduka namzeze, mbalame yongolira mosalongosoka, ndipo mkulu wake Procne ndiye anasanduka nightingale, kambalame kodziwika ndi kuimba usiku. Alakatuli a ku Roma ndiwo anasinthanitsa, n'kupereka nyimbo yokoma kwa wodulidwa lilime uja. Babbitt ndi Hollander anatsata njira ya Aroma, koma sanalole kuti nyimboyo ibwere mosavuta.

Cassandra yekha wachitiridwa njira ziwiri zotsutsana kotheratu. Iannis Xenakis, Mgiriki amene anataya diso pa nkhondo ya m'misewu ya Athens n'kuthawira ku France m'chaka cha 1947, anapeka nyimbo za masewero atatu a Aeschylus otchedwa Oresteia, amene loyamba lake ndi Agamemnon uja, m'zaka za 1965 ndi 1966, ndipo m'chaka cha 1987 anawonjezerapo gawo lotchedwa Kassandra, limene linamveka koyamba ku Gibellina, tauni ya ku Sicily imene inagwetsedwa ndi chivomezi m'chaka cha 1968. Xenakis anapereka mbali ya Cassandra kwa mwamuna wa mawu aakulu, Spyros Sakkas. Woimbayo amakwera mpaka pa mawu ang'ono achikazi akamalankhula ngati Cassandra, kenaka n'kugwera pansi pa mawu ake enieni akamayankha ngati akuluakulu a mzinda, uku akukhwatcha chida cha nsambo zambiri, mnzake akumenya ng'oma ndi timatabwa. Mawu onse ndi a Chigiriki chakale. Mwanjira ina Xenakis anangobwerera ku mwambo wa Athens wa mwamuna m'chigoba, koma popeza chigoba palibe, womvera amaona ndi maso kuti wonenera ndi osamukhulupirira akutuluka m'khosi limodzi, ndipo khosilo likuvutika kuwasenza onse.

Michael Jarrell wa ku Switzerland anachita zosiyana. Cassandre wake, amene anaonetsedwa ku Théâtre du Châtelet mu Paris m'chaka cha 1994, ndi opera imene mwini nkhani saimba konse. Wochita zisudzo Marthe Keller analankhula chabe kwa pafupifupi ola, zida zoimbira ndi maphokoso amagetsi zikuyenda pansi ndi pambali pa mawu ake. Mawuwo anachokera m'buku la Christa Wolf la m'chaka cha 1983, mmene Cassandra, podikira imfa yake ku Mycenae, kwawo kwa Agamemnon, amakumbukira mmene Troy anawonongekera mkati adani asanalowe, chifukwa cha mabodza a atsogoleri ndi apolisi achinsinsi. Wolf ankalemba ali ku East Germany, ndipo owerenga ake sanafunike kuuzidwa kuti akunena za dziko liti. Cassandra ameneyu sali wamisala. Ndi munthu woganiza bwino amene anaona mmene nkhondo imakonzedwera, ndipo kusaimba kwake kumachotsa chifukwa chimene akuluakulu aja anali nacho chomuonera ngati wogwidwa ndi mizimu.

Ena anasiya khosi n'kupita ku thupi. Martha Graham, katswiri wa magule wa ku America, anasandutsa nthano zingapo kuti zizioneka kudzera m'maganizo a mkazi. Mu Night Journey ya 1947, nkhani ya Oedipus imayamba ndi Jocasta, mayi ake amene anakwatirana naye mosadziwa, atanyamula chingwe chodzimangirira, ndipo zonse zotsatira ndi zimene akukumbukira pa mphindi yomalizayo. Mu Cave of the Heart ya 1946, Medea, mkazi amene mwamuna wake Jason anamusiya chifukwa cha mkazi wina, amasolola kansalu kofiira kuchokera pachifuwa pake, n'kukameza ndi kukalavula ngati njoka ya nsanje imene ikumudya. Clytemnestra ya 1958 inali ndi nyimbo za Halim El-Dabh wa ku Egypt, amene anali atayesa kale kusintha mawu ojambulidwa ku Cairo m'chaka cha 1944. Patapita zaka, ku nyumba ya zisudzo ya La MaMa mu New York, Andrei Serban ndi wopeka nyimbo Elizabeth Swados anaonetsa Medea m'chaka cha 1972 ndi The Trojan Women m'chaka cha 1974 m'Chigiriki chakale, Chilatini ndi maphokoso otengedwa ku zinenero zina, mwadala kuti oonerera asamve tanthauzo la liwu lililonse. M'sewero lachiwirilo oonerera ankayenda pakati pa ochita sewero, akukankhidwira uku ndi uko pamodzi ndi akazi ogwidwa ukapolo.

Apa pali vuto limene siliyenera kubisidwa. Agiriki akale ankaganiza kuti mwamuna ali ndi kulankhula kwanzeru pamene mkazi ali ndi phokoso, ndipo mlakatuli Anne Carson analongosola maganizo amenewa m'nkhani yake yotchedwa The Gender of Sound. Tsono ngati wopeka nyimbo wamakono angopatsa Cassandra kapena Medea kukuwa, kubuula ndi kugubuduka pansi, ndiye kuti watsimikizira maganizo omwewo ngakhale akudzitcha wotsutsa. N'chifukwa chake sindiona kuti kuipa kwa phokoso pakokha ndi umboni wa chilungamo kwa akaziwa. Medea wa Euripides, amene anaonetsedwa m'chaka cha 431 BC n'kupeza malo achitatu pampikisano, amayamba ndi kulira kumbuyo kwa chitseko, koma akatuluka amalankhula momveka bwino kwambiri za mmene mkazi amagulira mwamuna ndi chuma kuti akhale mbuye wa thupi lake, ndipo amanena kuti kuli bwino kuima pankhondo katatu kusiyana ndi kubereka kamodzi. Kumuchotsera maganizo amenewa n'kumusiyira mfuu yokha ndi kumuchepetsa kuposa mmene mlembi wamwamuna wa ku Athens anachitira. Tisaiwalenso kuti Babbitt, Xenakis ndi Jarrell onse ndi amuna, ndipo akazi ngati Beardslee, amene popanda luso lawo ntchitozo sizikanatheka, mayina awo amabwera pambuyo.

Ntchito zimene ndimaziona kuti n'zolimba ndi zimene zimasunga zonse ziwiri, mfuu ndi nzeru. Mu Medeamaterial ya Pascal Dusapin, imene inaonetsedwa ku Brussels m'chaka cha 1992 pa mawu a Heiner Müller, Medea amakwera mpaka kumapeto kwa mawu a munthu, oimba ena anayi akubwereza zidutswa za maganizo ake, pamene Jason amangolankhula wamba. Koma zimene Medea akunena ndi kuwerengera ngongole: anapereka dziko lake ndi mchimwene wake chifukwa cha mwamunayu, ndipo akufuna kuti abwezeredwe. Pamapeto amafunsa mlezi wake ngati akumudziwa munthu amene waima patsogolo pakeyo.

Akazi opeka nyimbo atayamba kutenga nthanozi m'manja mwawo, mafunso anasintha. Kate Soper, mu Here Be Sirens ya 2014, anaika ma Siren atatu pachilumba ndi piyano imodzi imene onse amaimba, nthawi zina pogwira nsambo za mkati mwake. Mmodzi wa iwo amathera nthawi yake powerenga zonse zimene anthu analemba za ma Siren kuyambira pa mlakatuli wakale wa Chigiriki Homer, pofuna kudziwa chimene iye ali ndi mmene angachokere pachilumbapo, ndipo chombo chikangoonekera onse atatu amakakamizika kusiya zimene akuchita n'kuyamba kuimba. Soper anagwira mfundo imene ambiri amaiphonya: kwa Homer, chimene ma Siren analonjeza Odysseus ndi chidziwitso, chifukwa ananena kuti akudziwa zonse zimene zinachitika ku Troy. Sarah Kirkland Snider, mu nyimbo zake zotchedwa Penelope zimene zinatuluka m'chaka cha 2010 pa mawu a Ellen McLaughlin, anafunsa funso limene Homer sanalifunse, la mtundu wa munthu amene amabwera pakhomo atatha zaka 20 kunkhondo. Mwamuna wa m'nyimbozi wavulala ubongo ndipo sakudzidziwa, ndipo mkaziyo ndiye amamuwerengera nkhani ya Odysseus kuti mwina apezemo njira yobwerera. Amene anauzidwa kuti kulankhula si kwake ndiye tsopano akusimba nkhaniyo.

Kuno kum'mwera kwa Africa, ntchito imene inafika patali pa nkhaniyi ndi Molora ya Yaël Farber, imene inayamba kuonetsedwa ku Grahamstown m'chaka cha 2003 ndipo pambuyo pake inafika ku nyumba ya zisudzo ya Barbican mu London. Farber anatenga nkhani ya banja la Agamemnon n'kuiika m'chipinda chonga cha komiti ya choonadi ndi kuyanjana ya ku South Africa, imene inayamba kumva maumboni m'chaka cha 1996 motsogozedwa ndi Desmond Tutu. Clytemnestra, mzungu, ndi mwana wake Electra, wakuda, amakhala pamatebulo moyang'anizana, aliyense ndi maikolofoni yake, akupereka umboni. Nkhanza zimene mayiyo amachitira mwanayo ndi zomwe zinaululidwa pa komitiyo, monga kumuveka thumba lonyowa kumutu. Anthu a ku South Africa anali atamva kale pawailesi, m'masiku oyambirira a komitiyo, mfuu ya mayi wamasiye wa mmodzi mwa amuna anayi a ku Cradock amene anaphedwa ndi apolisi a boma la tsankho, imene inaimitsa zokambirana, choncho sanafunike kuphunzitsidwa kuti kulira kwa mkazi pamalo a boma kumatanthauza chiyani.

Chinthu chachikulu chimene Farber anasankha ndi gulu loimba. Anaitana a Ngqoko Cultural Group ochokera kufupi ndi Lady Frere ku Eastern Cape, ambiri mwa iwo amayi achikulire, amene amaimba mwa njira ya Chixhosa yotchedwa umngqokolo, mmene khosi limodzi limatulutsa liwu lakuya kwambiri pamodzi ndi kaliwu kena kokwera pamwamba pake. Chimene Babbitt anachipeza ndi makina odzaza chipinda, ndiko kugawa mawu a mkazi mmodzi kuti akhale awiri, amayiwa anachiphunzira kumudzi kwa akuluakulu awo. Zimenezi zimafunsa funso labwino kwa amene amaganiza kuti kuyesa njira zatsopano m'nyimbo kumachokera ku Paris ndi ku New York kokha.

Kwa Aeschylus, mzere wa kubwezera umatha ndi mlandu wa pabwalo, kumene Apollo amanena kuti mayi si kholo lenileni koma wongosunga mbewu ya bambo, ndipo Athena, amene anabadwa kuchokera m'mutu wa Zeus wopanda mayi, amaponya voti yomasula Orestes, mwana wa Agamemnon, amene anapha mayi ake Clytemnestra pobwezera imfa ya bambo ake. Milungu yachikazi yobwezera imanyengereredwa n'kupatsidwa malo okhala pansi pa nthaka. Farber anachotsa Apollo, Athena ndi bwalo lonselo. Mu Molora, Orestes amakana kupha mayi ake, Electra amalanda nkhwangwa kuti amalize yekha, ndipo amayi a gulu loimba aja amanyamuka pamipando yawo, n'kumugwira mwamphamvu mpaka nkhwangwayo itachoka m'manja mwake. Kusiyana kwake ndi sewero lakale n'kwakukulu, chifukwa mu Agamemnon, mfumu ikamafuula mkati mwa nyumba kuti yabayidwa, akuluakulu 12 a gulu loimba amaima panja n'kuyamba kukambirana zoti achite, aliyense akupereka maganizo ake m'mizere iwiri, ndipo chitseko chimatsegulidwa ndi Clytemnestra mwini wake iwo asanasunthe phazi.